Malisiti a denga aja ndinawataya, msonkho sunandimvere chisoni

Tsiku limene ndinagulitsa kanyumba kanga koyamba ka lendi phindu ndinali nditaliwerengera kale m'mutu mwina kakhumi konse, ndinagula mwakuti ndagulitsa mwakuti, chotsalacho ndi changa basi. Nde ndinapita kwa akauntanti ndi kaenvulopu kamodzi, mkatimo muli pangano logulira ndi pangano logulitsira, ndikudziona ngati munthu wadongosolo kwambiri kkkk. Mayi aja anangotsegula, kuyang'ana timapepala tiwiri tija, kenako nkundifunsa mwaulemu wonse kuti "Bambo, denga mukuti munasintha lija malisiti ake ali kuti? Nanga chipinda munawonjezera kumbuyo chija?" Ine duu. Malisiti ena ndinkangowasiya m'galimoto, ena anachapidwa limodzi ndi thalauza, ndipo mmisiri amene anamanga chipindacho ndinkangomupatsa ndalama pamanja, iye nkumalemba m'kakope kake komwe sindinakaonenso. Panali patapita zaka 7.

Kwa inu amene simunagulitsepo, nkhani yake ili chonchi. Mayiko ambiri amadula msonkho pa phindu limene wapeza pogulitsa malo kapena nyumba, umene amautcha capital gains tax, ndipo phindulo sawerengera mmene ndinkawerengera ine muja ayi. Amatenga mtengo wogulitsira nkuchotsapo mtengo umene unagulira, za loya ndi msonkho wosinthira dzina zimene unalipira pogula, za ejenti pogulitsa, komanso ndalama zimene unalowetsa powonjezera zinthu panyumbapo. Tingoyerekeza ndi manambala opanda dzina la ndalama. Wagula 100, wagulitsa 160. Pakati apo unalowetsapo 25 pa chipinda chatsopano ndi zina, komanso 5 ina ya maloya ndi ejenti. Phindu lenileni ndi 30. Koma 25 uja ngati alibe pepala lomuikira umboni, kwa a msonkho iwe wapindula 55, ndipo adula pa 55 pomwepo. Ndalama unawonongadi, mmisiri anadyadi, simenti inalowadi pakhoma, koma khoma silingadzuke kupita ku ofesi ya msonkho kukakuchitira umboni.

Ndipo za denga zija zinandipweteka pawiri, chifukwa pali kusiyana kumene ine sindinkakudziwa nkomwe, kukonza chimene chawonongeka ndi kuwonjezera chatsopano. Kukonza, monga kusintha mpopi wodontha, kupaka penti, kubwezeretsa galasi losweka, kawirikawiri amakulola kuchotsera pa ndalama za lendi za chaka chomwecho, nde msonkho wa chaka chimenecho umatsika. Kuwonjezera, monga chipinda chatsopano kapena mpanda pamene panalibe, kumeneko sachotsera pa lendi, amakuphatikiza ku mtengo wa nyumba nkudikira. Nanga denga lonse lathunthu likugwera mbali iti? Apa nde pamene mayiko amasiyana mpaka kuseketsa. Ku Britain ukachotsa denga lakutha nkuikapo lina lofanana nalo, a HMRC, bungwe lotolera msonkho kumeneko, nthawi zambiri amati wangokonza, poti denga ndi chiwalo chabe cha nyumba. Ku America denga lomwelo a IRS, otolera msonkho a kumeneko, amaliwerengera ngati chinthu chowonjezera chimene uzichotsera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Malata omwewo, misomali yomweyo, mayankho awiri. Ine langa lija kaya likanagwera uku kaya uko zinalibenso ntchito, pa lendi sindinalichotsere chifukwa sindinkadziwa, pogulitsa sindinalichotsere chifukwa lisiti panalibe.

Poti ndatchula America, ndiime kaye pa depreciation, chifukwa mavidiyo ambiri a pa YouTube amene amatikopa kuti tigule nyumba za lendi amachokera kumeneko ndipo amaitamanda ngati ndalama yotola. Lamulo lawo limaganiza kuti nyumba imatha pang'onopang'ono, nde limakulola kuchotsera mtengo wa nyumba yogonamo anthu pa zaka 27.5, ndipo ya bizinesi monga maofesi kapena mashopu pa zaka 39. Malo enieniwo, dothi, sachotsera chifukwa dothi silikalamba. Nyumba ya madola 275,000 osawerengera malo ndiye kuti chaka chilichonse ukuchotsa madola 10,000 pa ndalama za lendi zodulidwa msonkho, olo nyumbayo mtengo wake ukukwera pamsika. Kukoma eti? Chimene anyamata a mavidiyo aja amachinena mothamanga nchakuti tsiku logulitsa boma limabwera kudzatenga zake, zonse unkachotsera zija amazidula msonkho umene umafika mpaka 25 peresenti, ndipo choopsa kwambiri nchakuti amawerengera zimene unali ndi ufulu wochotsera, kaya unachotseradi kaya unaiwala. Woiwala amalipira msonkho pa chinthu chimene sanadyepo. Ine ndimaona ngati ndi ngongole yopanda chiwongola dzanja imene boma lakubwereka, yabwino ndithu, koma ngongolebe.

Funso lina limene akauntanti aja anandifunsa linandidabwitsa, akuti pogula nyumbayi cholinga chinali chiyani. Ndinayankha kuti ndalama, nanga china nchiyani. Anaseka. Zikuoneka kuti a msonkho pafupifupi kulikonse amasiyanitsa anthu awiri, wogula kuti asunge nkumadya lendi, ndi wogula kuti akonze nkugulitsa. Woyambayo akagulitsa ndi capital gain, imene m'mayiko ambiri msonkho wake ndi wopepuka. Wachiwiriyo ndi wamalonda basi ngati wogulitsa nsapato, nyumba ndiwo katundu wake, nde phindu lonse amalidula ngati ndalama wamba za bizinesi. Ndipo sikuti umangodzisankhira wekha dzina lokukomera ayi. Ku Britain komiti ina yaikulu yoona za msonkho, Royal Commission, mu 1955 inalemba zizindikiro 6 zozindikirira wamalonda zimene amazitcha badges of trade, ndipo makhoti a m'mayiko ambiri amaganiza mofanana nazo: katunduyo ndi wamtundu wanji, wakhala naye nthawi yaitali bwanji, wachita zimenezi kangati, unamukonzakonza kuti agulike kapena ayi, chinakugulitsitsa nchiyani, komanso mumtima umalinga chiyani pogula. Chomalizachi nde chovuta, poti mtima wa munthu a msonkho amauwerenga kuchokera m'mapepala, zimene unalembera banki popempha ngongole, mauthenga amene unkatumizira ejenti, mwina nyumbayo sinalowemo tenanti ngakhale mmodzi. Ukagula zitatu m'zaka ziwiri nkuzipaka penti nkuzigulitsa, nena zonse zimene ukufuna, iwowo aona wamalonda.

Mayiko ena anatopa ndi zowerenga mitima nkungoika kalendala. Ku Germany munthu wamba akasunga nyumba ya lendi kupitirira zaka 10 amagulitsa osalipira msonkho pa phindulo, akagulitsa zisanakwane amalipira. Ku New Zealand kuli lamulo lotchedwa bright-line test, loti ukagulitsa zaka zoikidwa zisanakwane umalipira msonkho pa phindu, linayamba mu 2015 ndi zaka 2, mu 2018 linapita pa 5, mu 2021 pa 10, kenako boma litasintha mu July 2024 linabwereranso pa 2. Tangoganizani munthu amene anapanga mapulani ake onse potengera nambala imodzi mwa zimenezi. South Africa inalibe msonkho umenewu mpaka pa 1 October 2001. Kenya inakweza wake kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 15 mu January 2023, katatu kathunthu usiku umodzi. America ili ndi Section 1031 yotchuka ija, imene imakulola kugulitsa nyumba ya bizinesi nkugula ina osalipira kaye msonkho, koma uyenera kutchula nyumba yatsopanoyo pasanathe masiku 45 nkumaliza kugula pasanathe masiku 180, ndipo ndalama zogulitsira zisadutse m'manja mwako, zimasungidwa ndi munthu wapakati. Kuchedwa tsiku limodzi basi msonkho wonse wakugwera. Ndipo msonkhowo sunakhululukidwe, wangosunthidwa.

Tsopano lendi yeniyeniyo, ya mwezi ndi mwezi. Zaka zoyamba ine lendi ikalowa ndinkaiona yonse ngati yanga, fodya wapamphuno, ndipo ndikudziwa malandilodi ambiri ang'onoang'ono saiulula nkomwe ku msonkho poganiza kuti ndani angadziwe. Masiku ano lendi ikudutsa ku banki ndi pafoni, tenanti amene ndi kampani amailemba m'mabuku ake, ndipo m'mayiko angapo tenanti kapena ejenti amalamulidwa kudula kachigawo nkukapereka yekha ku boma m'dzina lako, nde dzina lako lilipo kale kumeneko iwe usanapiteko. Njira zodulira zilipo ziwiri. Ena amadula pa lendi yonse osachotsera kalikonse koma pa mlingo wotsika, ngati Kenya imene inayamba ndi 10 peresenti mu 2016 pa lendi ya nyumba zogonamo nkutsitsa kufika pa 7.5 mu January 2024. Nzosavuta kuwerengera, koma chaka chimene thanki yaphulika ndipo wakonzetsa zambiri umalipirabe chimodzimodzi. Ena amadula pa chotsala ukachotsa zowononga, inshuwalansi, msonkho wa malo wa ku khonsolo, ejenti, zokonza, ndi chiwongola dzanja cha ngongole. Chonde onani bwino, chiwongola dzanja chokha. Gawo limene ukubweza ngongole yeniyeniyo silichotseredwa, nchifukwa chake munthu amatha kuona kuti lendi yonse ikungothera ku banki, m'thumba mulibe kanthu, koma a msonkho akuti wapindula. Amakhala akunena zoona, phindulo lalowa m'khoma.

Nkhani ya chiwongola dzanja imene inandiopsa kwambiri ndi ya ku Britain. Mu 2015 nduna ya zachuma George Osborne inalengeza kuti malandilodi amene ali ndi nyumba m'dzina lawo asiye kuchotsera chiwongola dzanja pa lendi, m'malo mwake azingobwezeredwa 20 peresenti ya chiwongola dzanjacho. Anthu amangolitchula kuti Section 24, linayamba kulowa pang'onopang'ono mu April 2017 nkukhazikika lonse mu April 2020. Tiwerengere limodzi. Lendi pachaka mapaundi 12,000, chiwongola dzanja 9,000, tingoti palibe zina zowononga, landilodi ali pa mlingo wa 40 peresenti. Kale amadulidwa pa 3,000 yotsalayo, msonkho 1,200. Pano amadulidwa pa 12,000 yonse, 4,800, nkubwezeredwa 1,800, msonkho 3,000. Phindu lake lonse linali 3,000 yomweyo. Psiti. Munthu sanasinthe kalikonse, tenanti yemweyo, banki yomweyo, lamulo lokha ndi limene lasuntha. Ndipo mu April 2016 anawonjezeranso 3 peresenti pa stamp duty, msonkho wosinthira dzina uja, kwa wogula nyumba yachiwiri ku England, imene inakwera kufika pa 5 kumapeto kwa October 2024. Chiyambireni kuwerenga zimenezi nyumba imene masamu ake akungokwanira ndendende chifukwa cha kamwayi kena ka msonkho ine sindiikhulupirira.

Lamulo limenelo silinakhudze makampani, nde malandilodi ambiri kumeneko anathamangira kutsegula makampani, ndipo funsoli ndi limene anthu amandifunsa kwambiri mu inbox, kuti ndigule m'dzina langa kapena la kampani. Ubwino wa kampani ndi wakale, unakhazikika pa mlandu wa Salomon mu 1896, wa mkulu wina wopanga nsapato ku London, pamene House of Lords, khoti lalikulu kwambiri la ku Britain nthawi imeneyo, inagamula kuti kampani ndi munthu payekha pamaso pa lamulo, ngongole zake si za mwini wake. Nde tenanti akavulala nkusumira, akusumira kampani osati nyumba imene ukugonamo ndi ana. Koma banki si yopusa, kakampani katsopano kopanda mbiri sikabwerekedwa ndalama iwe osasainira kuti kakalephera ubweza ndiwe, nde mpanda wokuteteza uja pa ngongole yaikulu kwambiri wagwa kale. Komanso ndalama ya kampani si yako, kampani ilipira msonkho wake, iwe potulutsa ndalamazo ulipiranso wako. Ku South Africa munthu wamba amawerengeredwa 40 peresenti yokha ya capital gain yake, kampani 80. Ndipo cholakwa chimene ndachionapo kangapo ndi ichi, munthu wagula m'dzina lake, patapita zaka wamva kuti kampani ndiye bho, akufuna kusamutsa. Pamaso pa lamulo kusamutsako nthawi zambiri ndi kugulitsa, pa mtengo wa pamsika, olo kampaniyo ndi yako yomwe, nde msonkho wa phindu ndi msonkho wosinthira dzina zonse zikhoza kudzuka pamodzi iwe usanalandire ndalama iliyonse. Funso limeneli nthawi yake yotchipa ndi usanasaine pangano logulira.

Zonsezi ndi msonkho, ndipo msonkho umangokuchepetsera phindu. Chimene chimatha kukulanda zonse ndi chiphaso cha umwini. Anthu timaonetsetsa matailosi, timatsegula mipopi, timagogoda makoma, koma kupita ku kaundula wa malo kukafufuza kuti amene akugulitsayu ndi mwini wakedi timaona ngati kutaya nthawi, makamaka ejenti akamatiuza kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Chikomekome cha mkuyu. M'mayiko ambiri kaundula amayendera njira ya Torrens, imene Robert Torrens anayambitsa ku South Australia mu 1858, mfundo yake ndi yakuti chimene chalembedwa m'kaundula wa boma ndicho umwini, sufunika kufukula mbiri ya eni ake onse akale. Zikatero ndiye kuti kukhala ndi pangano losainirana, kulipira zonse, kupatsidwa makiyi, olo kukhalamo zaka, sikukupanga kukhala mwini mpaka dzina lako litalowa m'kaundulamo, ndipo wogulitsa wachinyengo akhoza kugulitsanso kwa wina amene angathamange kukalembetsa. Ku America madera ambiri satsata njira imeneyi, amangosunga mapepala a kugulitsana konse kumene kunachitikapo, nchifukwa chake kumeneko anthu amagula inshuwalansi ya umwini, title insurance, imene inayambira ku Philadelphia mu 1876.

Pofufuzapo si dzina lokha. Kodi nyumbayo si chikole cha ngongole ku banki ina? Palibe amene anaikapo chiletso chifukwa cha mlandu? Ngati ndi ya munthu womwalira, amene akugulitsayu ali ndi chilolezo cha khoti choyendetsera chumacho kapena ndi mwana mmodzi chabe amene wafulumira? Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake wavomera, poti m'mayiko ambiri popanda iyeyo kugulitsako kukhoza kuthetsedwa? Malowo ndi ako mpaka kalekale kapena ndi lizi, ndipo kwatsala zaka zingati, poti lizi ikafupika mabanki amaithawa ndipo mtengo umagwa? Msonkho wa ku khonsolo ulibe ngongole, poti kambiri ngongole imeneyo imamatirira panyumba osati pa munthu? Chipinda chakumbuyo chija chili pa pulani yovomerezeka? Changa chija ndinachita mwayi kuti pulani yokha ndinakadutsitsa. Ndipo ukagula malo osawasamala lamulo likhoza kuwapereka kwa amene akuwagwiritsa ntchito. Ku England kampani ya Pye inali ndi malo okwana mahekitala 25 amene inkasungira kuti idzamangepo, banja la a Graham linapitiriza kudyetserapo ziweto pangano lawo litatha kumapeto kwa 1983, kampani phee, zaka 12 zinakwana, ndipo mu 2002 House of Lords inati malowo ndi a Graham. Lamulo kumeneko analikhwimitsa pambuyo pake pa malo olembetsedwa, koma mfundo yake ikadalipo m'mayiko ambirimbiri.

Nyumba yachiwiri tinagula awiri ndi achimwene anga. Tinapita kwa loya tikuseka, ndalama taphatikiza, iwo zambiri ine zochepa, ndipo loya anatifunsa funso limene linaziziritsa chipinda chonse, akuti "Mmodzi wa inu akatisiya, gawo lake lipite kwa ndani?" Achimwene anayankha mwachangu kuti ife ndi amodzi, zimenezo sizingavute. Loya anafotokoza modekha kuti m'malamulo ochokera ku England muli njira ziwiri zokhalira ndi nyumba limodzi. Pa joint tenancy wina akamwalira wotsalayo amatenga yonse, ndipo olo womwalirayo analemba wilu kuti gawo langa ndi la ana anga, wiluyo pa nyumba imeneyi sigwira ntchito. Pa tenancy in common aliyense ali ndi gawo lake lodziwika, 60 ndi 40 kapena mulimonse, ndipo limapita kwa olowa m'malo ake. Nditamva choncho ndinati "Achimwene, inu mukatsogola ine ndidzawayang'ana bwanji alamu ndi ana ndikuwauza kuti nyumba yonse ndi yanga?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati tilembe magawo. Tinalembanso zina zimene tsiku limenelo zinkaoneka ngati kusakhulupirirana, wina akafuna kutuluka mnzake akhale woyamba kugula, mtengo auike ndani, denga likafuna ndalama wina alibe zikhala bwanji, lendi izilowa mu akaunti iti. Chibale ndi fupa sichiola, inde, koma pepalalo sitinalembere ife awiri, tinalembera ana athu amene sanalipo pamene timagwirizana. Mwa njira yomweyo aliyense amaulula ku msonkho gawo lake la lendi, osati kungoponyera yense kwa amene msonkho wake ndi wotsika.

Za matenanti ndingalembe positi yakeyake, apa ndingonena ziwiri. Dipoziti si ndalama yako, ndi ya tenanti imene wangosungitsidwa, ndipo mayiko ena sakhulupiriranso landilodi kuti aisunge yekha. Ku England kuyambira mu April 2007 dipoziti iyenera kutetezedwa ku bungwe lovomerezeka, pano pasanathe masiku 30, ukalephera khoti likhoza kukulamula kulipira tenanti mpaka katatu ndalamayo. Ku South Africa lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati uiike mu akaunti yobereka chiwongola dzanja ndipo chiwongola dzanjacho ndi cha tenanti. Chachiwiri ndi kutulutsa munthu. Ndinakhalapo ndi tenanti amene anafika miyezi 4 osalipira, foni osayankha, koma pa Facebook zithunzi za kokasangalala zili mbwee, ndipo ndisaname, maganizo osintha loko ndi kudula madzi anandibwerera usiku wina mpaka ndinaimbira kalipentala. Loya wanga ndi amene anandiletsa, anati mukatero wolakwa mukhala inu ndipo ngongole yake isanduka nkhani yaing'ono. Ku England kutulutsa tenanti mwa njira imeneyo ndi mlandu wopalamula pansi pa lamulo la 1977, ku South Africa malamulo aakulu a dziko enieniwo amati munthu asatulutsidwe panyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la PIE la 1998 limafotokoza ndondomeko yake. Ndinatsata njira yaitali, notisi yolembedwa, umboni woti wailandira, masiku okwanira. Zinatenga nthawi ndipo ndalama zina sindinazionenso, koma chimene chinandithandiza ndi pangano la lendi losainidwa ndi sitetimenti ya ku banki yoonetsa miyezi imene lendi sinalowe. Bwenzi ndikulandira pamanja ngati kale bwenzi ndi mawu anga ndi mawu ake basi.

Amene mukuti matenanti nzovuta bola Airbnb, fufuzani kaye malamulo a mzindawo. London imalola mausiku 90 okha pachaka popanda chilolezo chapadera, New York kuyambira mu September 2023 inakhwimitsa mpaka zambiri zinatsekeka, Barcelona inalengeza mu 2024 kuti ziphaso za nyumba za alendo zidzatha pofika November 2028.

Ndipo inu amene muli kunja nkumagula kwanu, kapena muli kwanu nkumagula kunja, lamulo lake pafupifupi kulikonse ndi limodzi, nyumba imalipira msonkho kumene yaima. Zili mu Article 6 ya chitsanzo cha mapangano a msonkho cha OECD, bungwe la mayiko loona za chuma, chimene mayiko ambiri amatengera. Dziko limene ukukhala likhozanso kufuna kuti uulule lendi yomweyo, nde umapempha kuti akuchotsere zimene walipira kale uko, apanso pafunika pepala. Ndipo poti mlendo akhoza kugulitsa nkuthawa, mayiko amadula ndalama isanakufike. Ku America lamulo la FIRPTA la 1980 limauza wogula kuti agwire 15 peresenti ya mtengo wonse wogulitsira, osati ya phindu ayi, ya mtengo wonse, ndipo ngati yapitirira msonkho weniweni ukaitenge wekha pambuyo pake. Ku Britain ejenti amadula 20 peresenti pa lendi ya landilodi wokhala kunja pokhapokha a HMRC atavomereza kuti azilandira yonse. Amene unalonjeza kale ndalama yonseyo kwina, mwina pa nyumba ina, umapezeka wakakamira pakati.

Ine pano nyumba iliyonse ili ndi fayilo yake, ya pepala ndi ya pa kompyuta, ndipo lisiti ndimaijambula ndisanatuluke m'shopu chifukwa timapepala ta m'makina tija timafufutika, pakatha chaka umangopeza kapepala koyera. Sabata yatha pulambala anabwera kudzasintha gizala kunyumba ya ine ndi achimwene ija, atamaliza ndinamupempha lisiti, anati bwana ine ndilibe buku. Ndinang'amba pepala m'kope la mwana, ndinamuuza alembe tsiku, adiresi ya nyumba, ntchito imene wagwira, kuti gizala yakale inawonongeka ndipo waikapo yofanana nayo, ndalama, dzina ndi siginecha, kenako ndalamayo ndinamutumizira pafoni kuti zigwirizane. Anandiyang'ana ngati ndikumukonzera mlandu. Polemba anafunsa kuti mawu oti yofanana nayowo ndi ofunikira chani, ndinangomuuza kuti lembani achimwene, nkhani yake ndi ya denga.